Kachipangizo Koika Pamsana Kochepetsa Ululu wa M'mimba

Mwana akagunda chigongono pachitseko, mayi ake amathamangira kumusisita pomwe wapwetekapo, ndipo kulira kumachepa. Timachita zimenezi osaganiza n'komwe, koma mu 1965 akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza chifukwa chake. Uthenga wa ululu usanafike ku ubongo umadutsa mu mtsempha waukulu wa mkati mwa fupa la msana, ndipo pamenepo pali ngati chipata. Uthenga wa kusisita ukadutsa wambiri, chipatacho chimatsekeka pang'ono, ndiye ululu wofika ku ubongo umachepa.

Patangopita zaka ziwiri, mu 1967, dokotala wa ku America, Norman Shealy, anayesa kutseka chipatachi ndi mphamvu ya magetsi pa wodwala khansa amene ankamva ululu woopsa. Apa ndi pamene panayambira chithandizo chimene madokotala amachitcha spinal cord stimulation.

Masiku ano chimachitika motere. Dokotala amalowetsa timawaya topyapyala kudzera mu singano, n'kutiika pafupi ndi mtsempha wa msana uja, kunja kwa chikopa chimene chimaukuta. Timawayato timalumikizidwa ku batire imene imatumiza mphamvu yochepa kwambiri ya magetsi. Ena amamva kunyerenyetsa pamalo pamene pankapweteka, pomwe zipangizo zina zatsopano sizimvetsa chilichonse. Chimene chatisangalatsa n'chakuti sathamangira kuika batireyo m'thupi. Poyamba wodwala amayenda nayo kunja kwa thupi pafupifupi sabata imodzi. Ululu ukatsika ndi theka kapena kuposa, m'pamene amachita opaleshoni yoika batire pansi pa khungu, nthawi zambiri chakumtunda kwa thako, ndipo wodwala amapatsidwa rimoti yoonjezera kapena kuchepetsa mphamvu. Ukapanda kutsika, amangosolola timawayato.

Chithandizochi chimadziwika kwambiri pa ululu wa msana ndi miyendo umene sunathe ngakhale pambuyo pa opaleshoni. Ku Britain, bungwe la NICE linachivomereza mu 2008 kwa anthu amene avutika ndi ululu wa m'mitsempha kwa miyezi 6 kapena kuposa, njira zina zitalephera. Za m'mimba zinabwera pambuyo. Madokotala ena, monga Leonardo Kapural wa ku America, achiyesa poika timawaya chapakati pa msana, cha kuseri kwa chifuwa, pamene mitsempha yochokera ku ziwalo za m'mimba imalowera. Ambiri mwa odwala awo anali ndi kutupa kosatha kwa pancreas, chiwalo chomwe chili kuseri kwa chifu chimene chimapanga insulini ndi madzi ogaya chakudya. Nthendayi imayamba kawirikawiri chifukwa cha mowa ndi fodya, ndipo ululu wake umaboola mpaka kumsana, munthu n'kuyamba kuopa ngakhale kudya. Ena mwa odwalawa anapezadi mpumulo, ndipo anachepetsa mankhwala amphamvu a gulu la morphine amene thupi limazolowera. Komabe kafukufuku wa za m'mimba wachitika pa anthu ochepa, choncho madokotala amachiona ngati njira yomaliza.

Ife tikuona kuti m'pomveka kutero. Kachipangizoka sikachiza chilichonse m'mimbamo. Kamangoletsa uthenga kufika ku ubongo, nthenda ili pomwepo. N'chifukwa chake dokotala wabwino amayamba wafufuza mokwanira chimene chikupweteketsa mimba. Kuno kwathu mimba yopweteka miyezi yambiri nthawi zambiri imakhala ndi chifukwa chimene chingapezeke ndi kuchizidwa: zilonda za m'mimba zoyamba ndi kachilombo ka H. pylori, likodzo la m'matumbo limene limafika powononga chiwindi, TB ya m'mimba, miyala ya mu ndulu. Palinso mapiritsi opha ululu monga ibuprofen ndi aspirin amene timagula pagolosale n'kumamwa tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti iwo omwe amanyula chifu. Munthu amene akuonda popanda chifukwa, akusanza magazi, akuchita chimbudzi chakuda ngati phula, kapena maso ake asanduka achikasu, asafunefune chotontholetsa ululu ayi, apite kuchipatala msanga akamuyeze.

Kwa abale athu okhala kunja amene dokotala angawatchulire chithandizochi, pali zofunika kufunsa asanavomere. Mtengo wake ndi wokwera zedi, madola masauzande ambiri, choncho adziwe amene alipire. Timawaya nthawi zina timasuntha pamalo pake kapena kuduka, n'kufunika opaleshoni ina. Pabala pakhoza kulowa tizilombo mpaka kachipangizo konse n'kuchotsedwa. Batire ina imafuna kutchajidwa pafupipafupi, ina imatha pakapita zaka zingapo n'kusinthidwa. Afunsenso ngati mtundu umene akupatsidwawo umalola kujambulidwa ndi makina a MRI, chifukwa si mitundu yonse imalola, ndipo wodwala m'mimba angadzafunike kujambulidwa kutsogolo.