Boma la Mpongwe Lifunika Msika, Osati Maofesi Okha

Munthu amene akudya nsima ku Chimwemwe m'tauni ya Kitwe kapena ku Chifubu m'tauni ya Ndola saganizako kawirikawiri za kumene ufa wake unacokera. Cikhalireco gawo lina la cimanga cimeneco limalimidwa pafupi pomwepo, m'maboma a Mpongwe, Masaiti ndi Lufwanyama. Maboma atatuwa kale anali boma limodzi lochedwa Ndola Rural, kufikira pamene linagawidwa m'caka ca 1997.

Mwa atatuwa, Mpongwe ndiye nkhokwe. Dziko limeneli liri ndi nthaka yaconde ndiponso mvula yokwanira. Kampani ya Mpongwe Development Company inayamba nchito yake kumeneko, nidziwika ndi tirigu wothirira, ndipo mu 2011 minda ikuluikuluyo inagulidwa ndi Zambeef. Koma alimi aakulu sadetsa nkhawa, pakuti ali ndi nkhokwe zao ndi magalimoto ao. Nkhani iri pa mlimi wa ma lima anai kapena asanu, amene munda wake uli kutali ca ku Machiya, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue.

Mlimi wotere akatha kukolola, woyamba kufika pakhomo pake ndi wamalonda wocokera ku tauni, ali ndi ndalama m'thumba ndi citini coyesera. Mtengo auchula ndi wogula, ndipo citini naco ncake. Mlimi adziwa bwino kuti akudyeredwa, koma ana afuna mayunifomu, ngongole ya feteleza nayo iri pakhosi. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Motero cimanga cikwera lole, cidutsa pa boma la Mpongwe osaima, cipyola Luanshya, ndipo cina cikafika mpaka ku malire a Kasumbalesa. Pakufika Januwale mlimi yemwe uja agula ufa wa m'sitolo pa mtengo wowawa.

Kale nchito yogula mbeu inali m'manja mwa NAMBOARD, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1969 nilithetsedwa mu 1989. Linali ndi zolakwa zake, koma mlimi anali kudziwa mtengo ndi malo ogulitsira. Bungwe la Food Reserve Agency, lobadwa ndi lamulo la 1995, siligula zokolola zonse, ndipo m'zaka zina alimi adikira malipiro ao kwa miyezi. Mpata wotsalawo ndi umene amalonda alowapo.

M'zigawo za India zolankhula Cihindi, monga Uttar Pradesh ndi Madhya Pradesh, tauni ya boma la alimi imadziwika ndi msika wa mbeu wochedwa mandi. Mlimi abweretsa tirigu wake pabwalo, ogula angapo apikisana mtengo poyera, ndipo sikelo iyang'aniridwa ndi komiti ya msika. Sikuti kulibe acinyengo kumeneko, aliko ndithu. Komabe pamene boma la India linapanga malamulo atsopano a malonda a mbeu mu 2020, alimi ambiri anaopa kuti misika yotere idzafa, ndipo anakhala m'misewu yolowa mu Delhi caka cathunthu kufikira malamulowo anafafanizidwa mu 2021.

Mpongwe afunika cinthu conga cimeneci, ndipo sicifuna nzeru za kunja kwa nyanja: bwalo lokhala ndi denga, sikelo yoyesedwa ndi boma, shedi yosungiramo matumba, ndi masiku odziwika pamene a zigayo a ku Kitwe ndi Ndola angabwere kudzagula pamaso pa anthu onse. Ndalama za Constituency Development Fund zinakwezedwa mu 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lirilonse la phungu. Makhansala ndi mafumu ayenera kufunsa kuti ndi zingati za ndalama zotere zimene zapita ku msika wa mbeu ndi ku misewu ya kumidzi.

Anthu a m'tauni nawo nkhaniyi iwakhudza. Mu Disembala 1986, mtengo wa ufa utakwera, m'Kitwe ndi m'Ndola munabuka cipolowe ndipo anthu anafa. Mlimi wa ku Machiya akaona kuti cimanga sicimpindulira, caka camawa adzalima ca banja lake lokha, ndipo oyamba kumva kuwawa adzakhala ogula pa msika wa Chisokone ndi wa Masala.