Mawu Obwereka Pakamwa pa Mphunzitsi

Mphunzitsi salankhula m'kalasi mokha. Tsiku lina adzaimirira pamaso pa makolo, kapena pamwambo wotsekera sukulu. Pa nthawi zotere ambiri a ife timathamangira kutola mawu a anthu otchuka, poganiza kuti kuchuluka kwa mayina ndiko kuzama kwa nzeru. Koma mawu obwereka ali ndi phindu pokhapokha akamasenza mfundo ya wolankhulayo.

Tiyeni tione m'mene achitira akuluakulu pabwalo la milandu. Mkulu wodziwa kulankhula amayamba wayala nkhani yonse, ndipo anthu akaimvetsa, ndi pamene aponya mwambi umodzi womanga zonse. Mwambi uli ngati mchere: wochepa ukometsa ndiwo, wochuluka uziononga.

Luso lomweli tilipezanso kwa alankhuli a maiko ena. Pa 28 Ogasiti 1963, Martin Luther King polankhula mumzinda wa Washington, adatchula chikalata cha ufulu wa dziko la America cha 1776, chimene chidalonjeza anthu onse moyo ndi ufulu. Iye sadangochitchula n'kupitirira. Adayerekeza lonjezolo ndi cheke chimene anthu akuda adapita nacho kubanki, n'kubwezedwa chimanjamanja. Motero mawu amene adagonera zaka 187 adasanduka mlandu wa tsiku lomwelo.

Chinanso chofunika ndi kudziwa mwini mawu. Pali mawu otchuka onena za kuteteza ufulu wa munthu wolankhula zimene ife sitigwirizana nazo. Ambiri amati ndi a Voltaire, amene adamwalira mu 1778, chonsecho adawalemba ndi Evelyn Beatrice Hall mu 1906 pofotokoza maganizo a Voltaire. Mphunzitsi akaphonya chotere, kalasi lonse limalemba cholakwacho m'makope ndi kuchisunga monga choonadi, pakuti ana sakayikira mphunzitsi wawo.

Tsono tisanabwereke mawu a wina, tidzifunse mafunso atatu. Kodi tawaona ndi maso athu m'buku la mwini wake? Kodi tingathe kuwamasulira m'chilankhulo chimene makolo ndi ana akumva? Kodi titawachotsa, mfundo yathu ingafooke? Ngati yankho la funso lililonse lili ayi, tiwasiye mawuwo, tilankhule athu. Makolo amene asiya makasu awo kudzatimvera afuna kudziwa maganizo a mphunzitsi amene am'patsa ana awo.