Kuphoda kosaboola m'thumba, kosawononga khungu

Zodzoladzola zambiri zimene zimagulitsidwa m'Malawi muno zimachokera kunja. Zina amalonda amakapikula ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam n'kulowa nazo pa Songwe, zina zimabwera pa mabasi a ku Johannesburg kudzera pa Mwanza ndi pa Dedza, ndipo zochuluka mwa zimenezi zinapangidwa ku China. Choncho kwacha ikagwa, phoda ndi lipisitiki zimakwera tsiku lomwelo. Zinatero mu Meyi 2022 pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, zinateronso mu Novembala 2023 pamene inachepetsedwa ndi 44 peresenti. N'zosadabwitsa kuti amayi ndi atsikana amene kale ankagula m'masitolo akuluakulu tsopano amakasakasaka pa mabenchi a mumsika wa Limbe, wa Tsoka ku Lilongwe ndi wa ku Mzuzu.

Kugula chotchipa si kulakwa. Lipisitiki aliyense, wodula ndi wotchipa yemwe, ndi phula, mafuta ndi utoto. Phoda ndi ufa wosalala, kawirikawiri wa mwala wofewa wotchedwa talc, wothiramo utoto. Gawo lalikulu la ndalama za chodzola chodula limapita ku dzina, ku kabotolo konyezimira ndi kwa otsatsa malonda. Chovuta n'chakuti pa benchi limodzi pamakhala zinthu zooneka zofanana koma zosiyana kutali. Pali chodzola chenicheni cha kampani yosatchuka, chimene chimatchipa chifukwa dzina lake silidziwika. Pali chachinyengo, chimene chavala dzina la kampani yotchuka pamene m'katimo muli zosadziwika, chikomekome cha mkuyu. Palinso zosakaniza zimene wogulitsa wathira yekha m'timabotolo topanda dzina. Choyambacho n'chimene munthu wosamala ndalama amafuna. Zina ziwirizo n'zosayenera kufika pankhope.

Kuzisiyanitsa kumayambira pa zolembedwa. Chodzola chenicheni kawirikawiri chimakhala ndi dzina la amene anachipanga ndi kumene ali, mndandanda wa zimene zili m'katimo, nambala ya gulu limene chinapangidwira pamodzi, ndi tsiku limene chidzathere mphamvu. Zambiri zimakhalanso ndi kachithunzi ka kabotolo kovundukula kolembedwa 6M kapena 12M, kutanthauza miyezi imene chinthucho chimakhala chabwino chikatsegulidwa. Zilembo zofufutika, mawu olembedwa molakwika, ndi mtengo wotsika kwambiri pa dzina lodziwika kuti n'lodula, zonsezi ndi zizindikiro za chinyengo. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards lilipo, koma silingayime pa benchi lililonse, ndiye maso a wogula ndi amene amagwira ntchito yaikulu. Ngakhale chodzola chenicheni chimawonongeka chikakhala padzuwa tsiku ndi tsiku. Lipisitiki wonunkha mafuta owola, kapena faundeshoni amene madzi ake apatukana osabwererana pomukhutchumula, watha ntchito ngakhale tsiku lolembedwalo lisanakwane.

Chatsopano chilichonse chiyenera kuyesedwa chisanapakidwe nkhope yonse. Munthu amapaka pang'ono kuseri kwa khutu kapena m'kati mwa mkono, n'kudikira masiku awiri. Pakayabwa, pakatentha kapena pakatuluka nsungu, chinthucho sichikugwirizana ndi khungu lake, ngakhale chitakhala chomwe mnzake amadzola popanda vuto. Kuyamba zatsopano zitatu sabata imodzi kumasokoneza, chifukwa nkhope ikatupa sizidziwika kuti chalakwa n'chiti.

Pa zophodaphoda zonse, faundeshoni ndi amene amavuta kusankha. Kwa zaka zambiri makampani akuluakulu ankapanga mitundu yochepa ya anthu akuda, ndipo zinakhala nkhani padziko lonse mu 2017 pamene woimba Rihanna anatulutsa Fenty Beauty ndi mitundu 40 nthawi imodzi. M'misika yathu mitundu yowala ikadali yochuluka kuposa yakuda, ndiye ambiri amangotenga umene ulipo, nkhope n'kumaoneka mbuu pamene khosi lili lakuda bwino. Poyesera pake ndi pa chibwano cha m'mbali, pamene nkhope imakumana ndi khosi, osati pa dzanja, ndipo kuyesako kuchitikire panja powala, chifukwa magetsi a m'sitolo amanamiza. Ndi bwino kudikira mphindi zingapo, pakuti faundeshoni wina amada akakhudzana ndi mafuta a pakhungu. Mtundu woyenera ndi umene umasowa, osaoneka pamene wayambira. M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, makamaka kuchigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja, faundeshoni wochindikala amayenderera ndi thukuta. Phoda wopepuka wopaka pamphumi, pamphuno ndi pachibwano amakwanira. Wa ndalama zochepa akagula phoda wa mtundu wake, pensulo ya nsidze ndi lipisitiki mmodzi, ali ndi zokwanira kupitira kuntchito, kutchalitchi ndi kuukwati komwe.

Maso ndiwo safuna kuchita nawo zachidule. Masikara akatsegulidwa amayenera kutayidwa pakatha miyezi itatu, chifukwa kaburashi kake kamatenga tizilombo m'zikope n'kukatisiya m'botolo monyowa. Akauma, ena amathiramo madzi kapena malovu kuti apitirire, ndipo kumeneko n'kuweta tizilomboto. Wanja wa ufa wosalembedwa kanthu ndi woopsa mwa njira ina: wina amapangidwa ndi mwala wokhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana, choncho kupaka wanja wotere khanda n'kosayenera konse. Nsidze zoikirira zili ndi guluu wakewake, ndipo guluu womatira tsitsi kapena nsapato sayenera kuyandikira diso. Pa zinkhoswe ndi maukwati pamachitikanso china chimene anthu sachilabadira, pamene wophoda mmodzi amayendetsa burashi ndi pensulo imodzi pa mkwatibwi ndi operekeza onse. Matenda a maso ofiira amene anabuka ku Karonga kumayambiriro kwa 2024 n'kufalikira m'maboma ena amayenda mosavuta m'njira yotereyi, ndipo zilonda za pamilomo zimayenda ndi lipisitiki wobwerekana. Woperekeza ukwati angathe kunyamula pensulo, masikara ndi lipisitiki wake. Maburashi ndi timasiponji tophodera ziyenera kuchapidwa ndi sopo sabata iliyonse n'kuumitsidwa bwino.

Komabe zonsezi zimakhala pamwamba pa khungu, ndipo ndalama yoyamba iyenera kupita ku khungulo. Kusamba kumaso kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, n'kokwanira. Sopo wochapira zovala ndi wamphamvu kwambiri: amachotsa litsiro pamodzi ndi mafuta achilengedwe amene amateteza khungu, nkhope n'kutsala yokakamira. Sopo wosambira wofewa, wopanda fungo lambiri, amachita bwino. Chinkhupule ndi mwala ndi za thupi ndi mapazi, pankhope pamafunika manja okha. Kugona ndi zophoda kumatseka timabowo ta pakhungu, ndipo kuzichotsa sikufuna mankhwala odula. Kadontho ka mafuta kamasungunula lipisitiki ndi masikara, kenako sopo ndi madzi zimamaliza.

Mu Juni ndi Julayi, mphepo ya chiperoni ikamawomba ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, kapena chisanu chikagwira ku Dedza ndi ku Mzimba, khungu limatuwa, milomo imasweka, mapazi amachita zikang'a. Mankhwala ake ndi akale komanso otchipa, gilisalini ndi Vaseline, koma ziwirizi sizigwira ntchito mofanana. Gilisalini amakoka madzi n'kuwasunga pakhungu, n'chifukwa chake amachita bwino akasakanizidwa ndi madzi pang'ono kapena loshoni kusiyana ndi kumupaka yekha. Vaseline sawonjezera madzi, amangotseka kuti amene alipo asauluke. Motero nthawi yabwino yodzola ndi pongotuluka m'bafa, thupi likadali lonyowa pang'ono. Pa zikang'a, kuviika mapazi m'madzi ofunda, kukwecha pang'ono ndi mwala, kupaka Vaseline n'kugona ndi masokosi kumathandiza pakapita masiku. Wa nkhope ya mafuta ndi ziphuphu asunge Vaseline wa milomo, zigongono ndi mapazi, kumaso azipaka loshoni wopepuka. Mafuta a m'tsitsi nawonso akatsikira pamphumi amabweretsa tiziphuphu m'mphepete mwa tsitsi.

Pa ziphuphu ndi pamene uphungu wolakwika umachuluka. Mandimu, soda ndi mankhwala otsukira mano zimatchulidwa kawirikawiri m'magulu a pa WhatsApp, koma zonse zimapsereza khungu, ndipo madzi a mandimu akakumana ndi dzuwa amatha kuwotcha n'kusiya banga. Khungu lakuda lili ndi khalidwe loti paliponse pamene lapwetekedwa limatulutsa utoto wambiri wa melanin, ndiye chiphuphu chofinyidwa ndi zikhadabo chimapola m'masiku ochepa koma chipsera chake chakuda chimakhala miyezi. M'mafamase mumapezeka mankhwala okhala ndi benzoyl peroxide kapena salicylic acid, ndipo amafuna kupirira, chifukwa kusintha kumayamba kuoneka pakatha masabata 6 mpaka 8. Ziphuphu zikuluzikulu zopweteka, zosiya maenje, ndi za kuchipatala.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti munthu wakuda sapsa ndi dzuwa. Melanin amatetezadi, koma osati kotheratu, ndipo dzuwa ndi limene limadetsa zipsera n'kuzichedwetsa kuzimiririka. Mafuta oteteza kudzuwa olembedwa SPF 30 amatchinga pafupifupi 97 peresenti ya cheza chowotcha khungu, malinga apakidwe okwanira ndi kubwerezedwa pakatha maola awiri munthu akakhala panja. Ndi odula, ndipo amene sangawakwanitse ali ndi chipewa chakhonde, ambulera ndi mthunzi, makamaka dzuwa likakhala paliwombo. Kwa anthu achialubino mafutawa si zodzikongoletsera, ndi mankhwala oteteza ku khansa ya pakhungu, n'chifukwa chake bungwe lawo la APAM lakhala likupempha kuti azipezeka m'zipatala za boma nthawi zonse.

Choopsa kwambiri pa mabenchi onsewa ndi mafuta oyeretsa khungu. Amagulitsidwa ndi mawu okoma, akuti ochotsa zipsera, osalalitsa, owalitsa, ndipo ambiri amene amawayamba amakhala akungofuna kuchotsa mabanga a ziphuphu. M'kati mwake mumapezeka chimodzi kapena zingapo mwa zinthu zitatu. Choyamba ndi hydroquinone, amene amaletsa khungu kupanga melanin. Madokotala amamugwiritsa ntchito pa banga lenileni kwa miyezi yochepa, koma akapakidwa nkhope yonse kwa zaka amabweretsa mabanga akuda bii, okhakhala, m'masaya ndi m'mbali mwa maso, matenda otchedwa ochronosis amene savomera mankhwala msanga. Madokotala a ku South Africa anawafotokoza mu 1975 atawaona mwa amayi ambiri akuda, ndipo dzikolo linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Chachiwiri ndi mankhwala a steroid monga clobetasol ndi betamethasone, amene amabwera m'timachubu ndipo anapangidwira matenda ena a pakhungu. Amayeretsa mofulumira, n'chifukwa chake amakondedwa, koma amapyapyalitsa khungu mpaka mitsempha kuonekera, amang'amba mizere m'mikono ndi m'ntchafu, amaitana ziphuphu ndi zipere, amachedwetsa mabala kupola, ndipo akapakidwa thupi lonse kwa nthawi yaitali amalowa m'magazi n'kukweza shuga ndi BP. Amenewa ndi mankhwala, oyang'aniridwa ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA, ndipo malo ake ndi mufamase ndi chikalata cha dokotala.

Chachitatu ndi mercury, amene kawirikawiri salembedwa n'komwe pa botolo. Amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo, amafika kwa mwana wosabadwa ndi woyamwa, ndipo amatsalira pa mathaulo ndi zofunda n'kukhudza a m'nyumba amene sanadzolepo. Pangano la mayiko la Minamata la mu 2013 linaika malire akuti mercury m'zodzoladzola asapitirire gawo limodzi pa magawo miliyoni, ndipo mu 2023 mayiko anagwirizana zoletseratu mercury m'zodzoladzola zonse pofika 2025. Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa oopsawa mu 2015, ndipo Rwanda inayamba kuwalanda m'misika mu 2018.

Anthu amakonda kuseka wodziyeretsa kuti nkhope ya Fanta, miyendo ya Coca-Cola. Kusekako sikunachiritsepo munthu, ndipo nthawi zambiri osekawo ndi omwe aja amatamanda mwana woyera pamaso pa mnzake wakuda, kapena kunena kuti wakuti wakwatira mkazi wokongola pongotanthauza kuti ndi woyera. Mtsikana amene wakula akumva zimenezi sagula kachubu kaja chifukwa cha uchitsiru. Amafunika kuuzidwa zoona za zimene zili m'katimo, ndi kuthandizidwa kusiya.

Kusiyako kuli ndi njira yake. Amene wadzola steroid kwa miyezi akasiya mwadzidzidzi, nkhope imafiira, imatentha, imatuluka nsungu n'kuda kuposa kale, ndipo ambiri amabwerera ku kachubu komweko poganiza kuti khungu lawo silingakhale popanda iko. Zimenezi zimatha, koma zimafuna kuchepetsa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi achipatala. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe kuli makiliniki a matenda a pakhungu, ndipo chipatala cha boma chapafupi chingathe kuona munthu kapena kumutumiza kumeneko. Popita ndi bwino kunyamula mabotolo ndi machubu onse amene akhala akudzoledwa, ndi zosakaniza zomwe, kuti dokotala aone chimene akulimbana nacho. M'miyezi yochira khungu limakhala losalimba, ndiye limafuna sopo wofewa, mafuta wamba opanda fungo ndi kubisidwa kudzuwa. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amene wakhala akudzola mafuta oterewa awauze anamwino kusikelo pa ulendo woyamba.