Mbale yozizira ya ku Pyongyang

Mwa zakudya za ku Korea, chimene chimandigwira mtima ndi naengmyeon, noodles zopyapyala za ufa wa buckwheat zodyera mu msuzi wa ng'ombe wozizira, nthawi zina wokhala ndi ayezi woyandama. Kwawo kwenikweni ndi kumpoto, ku Pyongyang, kumene kale ankazidya m'nyengo yachisanu. Nkhondo ya 1950 mpaka 1953 itabalalitsa mabanja, othawa anapita nacho chakudyachi kumwera. Amene anafika ku Busan anasowa ufa umene anazolowera, ndiye anakanda wa tirigu wa chithandizo chochokera ku America, ndipo m'menemo munabadwa milmyeon, imene mzindawo umanyadira lero. Anthu amenewa ndimawapatsa ulemu: munthu wataya nyumba, munda ndi manda a makolo, koma akukana kuti ana ake akule osalawa za kwawo. Mu April 2018, mtsogoleri wa kumpoto Kim Jong-un ndi wa kumwera Moon Jae-in atakumana ku Panmunjom, pamalire a mbali ziwirizi, naengmyeon ya lesitilanti ya Okryugwan ya ku Pyongyang inali patebulo, ndipo tsikulo anthu ku Seoul anaima pamizere italiitali kufuna mbale yomweyo. Komabe, ambiri mwa okalamba amene anasiya abale kumpoto amwalira asanawaonenso.