Lekani kuopseza oyamba kumene ndi C

M'magulu a WhatsApp a ophunzira za makompyuta, ngakhalenso pakamwa pa aphunzitsi ena, mukumveka mawu akuti wofuna kudziwa kulemba mapulogalamu ayambire pa chilankhulo cha C kapena C++, apo ayi adzakhala wongokanda pamwamba moyo wake wonse. Akuti Python ndi ya alesi chifukwa imamtafunira munthu zonse. Mawu amenewa akubweza achinyamata ambiri asanafike n'komwe pakhomo, ndipo ife tikuwatsutsa.

Kuti C ndi yamphamvu, palibe akukana. Dennis Ritchie adaipanga ku Bell Labs ku America cha mu 1972, ndipo Unix idalembedwanso m'chilankhulochi. Mtima wa Linux, umene uli m'foni iliyonse ya Android, mbali yake yaikulu ndi C. Ngakhale pulogalamu imene imayendetsa Python pa makompyuta ambiri idalembedwa mu C. Koma Ritchie ankapangira akatswiri anzake chida chogwirira ntchito. Sankaganiza za mwana woti sanalembeko mzere ndi umodzi womwe.

Taganizani za mtsikana amene wangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo akufuna kuthandiza banki m'khonde ya amayi ake: dzina la membala, ndalama zimene wakongola, chiwongoladzanja cha pamwezi. Mu C, asanafike n'komwe pa masamuwo, ayenera kukonzera dzinalo malo m'memory. Dzina loti Nabanda lili ndi zilembo 7, koma malo ofunika ndi 8, chifukwa pamapeto pamakhala kachizindikiro kosaoneka kouza kompyuta kuti dzina lathera apa. Akaiwala kamalo kamodziko, pulogalamu ikhoza kuyenda bwinobwino lero, mawa n'kugwa. Ikagwa, nthawi zambiri imangolemba kuti "Segmentation fault", osanena kuti vuto lili pa mzere uti. Mu Python mtsikanayo amangolemba dzinalo n'kupitirira, ndipo akalakwitsa amauzidwa mzere wake ndi mtundu wa cholakwacho. Pofika madzulo amakhala ataonetsa amayi ake kuti wokongola K50,000 abweza zingati. Mawa lake amadzuka ali ndi njala yowonjezerapo china.

Njala imeneyo ndiyo yofunika kuisamala. Chimene woyamba kumene akuphunzira kwenikweni ndi kaganizidwe: kuphwanya vuto lalikulu kukhala timagawo, kuuza kompyuta kuti ichite ichi ngati zinthu zili chonchi, ibwereze icho mpaka pakuti, ndi kudekha pofufuza pamene palakwika. Zonsezi zili mu Python, zili mu JavaScript, zili mu C. Kumusenzetsa za memory ndi ma pointer nthawi imodzi ndi zimenezi n'kumupatsa mavuto awiri pamene limodzi lomwe likumukwana. Ambiri akalephera sanena kuti chilankhulo n'cholimba. Amati mutu wanga si wa zimenezi, n'kusiyiratu.

Mantha akuti chilankhulo chophweka chimaononga mutu si a lero. John Kemeny ndi Thomas Kurtz adapanga BASIC ku Dartmouth College mu 1964 kuti ophunzira wamba nawonso azigwiritsa ntchito kompyuta. Mu 1975 katswiri wotchuka wa ku Netherlands, Edsger Dijkstra, adalemba kuti ophunzira amene adayambira pa BASIC ndi oonongekeratu m'maganizo, sangaphunzitsikenso bwino. Komatu Linus Torvalds, amene adayambitsa Linux mu 1991, adayambira pa BASIC yomweyo, pa kakompyuta ka agogo ake ka Commodore VIC-20. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Wolemba mapulogalamu aliyense amene wakhalitsa pa ntchitoyi amadziwa zilankhulo zingapo, ndipo chachiwiri chimalowa msanga chifukwa kaganizidwe kaja kadakhazikika kale.

Python nayo si choseweretsa. Guido van Rossum adaitulutsa mu 1991, atatengera nzeru zina ku ABC, chilankhulo chimene chidapangidwa kuti chikhale chosavuta kuphunzira. Lero imagwira ntchito yaikulu ku Instagram, ndipo ofufuza za sayansi ndi opanga AI ambiri amaidalira. Mu 2014 Philip Guo adawerenga maphunziro oyambira m'mayunivesite otsogola a ku America pa za makompyuta, n'kupeza kuti mwa madipatimenti 39, okwana 27 ankaphunzitsa Python.

Otsutsa amakonda kutchula kosi ya CS50 ya ku Harvard, amati onani, kumeneko amaphunzitsa C koyambirira. N'zoona. Koma sabata yoyambirira amayamba ndi Scratch, chilankhulo cha timabokosi tolumikiza chimene MIT idapangira ana. Akalowa mu C, ophunzira amapatsidwa kaye zida zokonzedwa kale zowabisira mavuto aja a zilembo ndi memory, ndipo amazichotsa pakapita masabata. Pamwamba pa apo pali gulu la othandizira aphunzitsi oti uwafunse ukakanirira. Mnyamata wa ku Mchinji kapena ku Chipata amene akuphunzira yekha pa laputopu yobwereka, bandulo ikutha, magetsi akuthimathima, alibe womufunsa. Kumulangiza kuti atsate njira ya ku Harvard popanda thandizo la ku Harvard n'kumulakwira.

Ndiye amene mukulangiza achinyamata, yambani mwawafunsa chimene akufuna kupanga. Wofuna masamba a pa intaneti ayambe ndi JavaScript, imene imayenda mu Chrome kapena Firefox popanda kuikamo china chilichonse. Wofuna kuwerengera, kusanja malekodi a kusukulu kapena a kuchipatala, atenge Python. Amene ali ku koleji ndipo silabasi yanena Java kapena C, alimbikire chomwecho, asataye miyezi akudumphadumpha. Ndipo amene mtima wake uli pa zamagetsi, woti akufuna pampu ya sola izidziyatsa yokha thanki ikaphwa, adzakumana ndi C++ pa kachipangizo ka Arduino. Pamenepo adzaphunzira za memory mosakakamizidwa, chifukwa kachipangizoko kali ndi malo ochepa zedi ndipo pampuyo akuifuna kuti iyende.