Linki ikafa, umboni usafere limodzi

Anzanga aphunzitsi, makamaka inu a History, ndi inu ana athu amene munadutsa m'manja mwathu kuno ku Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Mpingu, lero ndikufuna tikambirane kanthu kooneka kakang'ono koma kakudya mbiri yathu mwakachetechete ngati chiswe. Ndikunena za malinki akufa. Mwapeza nkhani yolembedwa bwino pa intaneti, m'munsi mwake mwaikidwa linki yosonyeza kumene wolemba anatenga mfundo zake. Mukadina, chimene chikutuluka ndi "404". Tsamba lija kulibenso.

Vutoli si la kuno kokha ayi. Bungwe la Pew Research Center la ku America linapeza mu 2024 kuti masamba 38 mwa 100 aliwonse amene analipo pa intaneti mu 2013 sankatsekukanso patapita zaka khumi, ndipo nkhani 54 mwa 100 za pa Wikipedia zinali ndi linki imodzi kapena zingapo zakufa pa mndandanda wa magwero ake. Ikafa linki ya zotsatira za mpira, palibe wolira. Koma ikafa linki ya nkhani ya nkhondo, pamene dziko lina likunenedwa kuti linalowerera m'nkhondo ya eni ake, pamenepo zinthu zavuta, chifukwa nkhani zotere aliyense amazikana.

Chitsanzo tili nacho pakhomo pomwe. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, pakati pa boma la FRELIMO ndi zigawenga za RENAMO, inayamba mu 1977 n'kutha pa 4 October 1992 pamene anasainirana pangano la mtendere ku Rome. Inali yapachiweniweni dzina lokha, manja akunja anali ambirimbiri. RENAMO inaleredwa ndi akazitape a boma la azungu la Rhodesia, ndipo Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, South Africa ya tsankho ndiyo inatenga udindowo. Zimbabwe ndi Tanzania anatumiza asilikali kukathandiza FRELIMO.

Nanga ife a Malawi? Apa ndi pamene umboni ukufunika kwambiri. Mu September 1986, Samora Machel, Robert Mugabe ndi Kenneth Kaunda anabwera ku Blantyre kudzakumana ndi Dr Kamuzu Banda, kumudzudzula kuti RENAMO ikugwiritsa ntchito nthaka ya Malawi. Boma lathu linakana. Machel atabwerera kwawo anaopseza kuti atseka malire ndi kuika mizinga moyang'ana kuno. Pa 19 October chaka chomwecho anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, ndipo boma la South Africa linatulutsa zikalata zimene linati linatola pamalo a ngoziyo, zosonyeza kuti Mozambique ndi Zimbabwe ankakonza zogwetsa boma la Banda. Kenaka mu 1987 asilikali athu anapita kukateteza njanji ya Nacala kwa RENAMO yomweyo. M'kati mwa zonsezi dziko lathu linalandira othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni, ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi maboma ena a m'malire.

Taonani tsono. M'nkhani imodziyi muli zinthu zimene aliyense amavomereza, muli zimene wina ananena mnzake n'kukana, muli zikalata zimene amene anazitulutsa anali ndi zolinga zakezake. Mwana wa Fomu 4 angasiyanitse bwanji zitatuzi ngati gwero lake lafa? Sangathe. Adzangosankha zimene zamukomera m'khutu. Wokonda Ngwazi adzati zonse zinali mabodza a Achikomyunizimu, wodana naye adzati Malawi ndiye anayambitsa nkhondoyo. Onse awiri aphonya.

Anthu ambiri akapeza linki yakufa amachita chimodzi mwa ziwiri. Ena amachotsa mfundoyo, amvekere ilibe umboni. Ena amaisiya momwemo n'kumaibwereza m'manotsi chaka ndi chaka mpaka imasanduka mphekesera. Ine ndikuti zonse ziwiri n'zolakwika. Linki ndi adiresi chabe. Munthu akasamuka pa nyumba sitilengeza maliro, timafunsa kumene wapita.

Kufunsako si kovuta. Bungwe la Internet Archive, limene linayamba mu 1996, limasunga zithunzi za masamba a pa intaneti, ndipo kuyambira 2001 aliyense amatha kuziona kudzera pa Wayback Machine. Koperani linki yakufayo, muiike pa web.archive.org, musankhe tsiku loyandikira nthawi imene wolemba uja anawerenga tsambalo. Tsikuli n'lofunika, chifukwa masamba amasinthidwa. Zikakanika, lembani mutu wa nkhaniyo ndi dzina la wolemba pa Google, poti nthawi zambiri nyuzipepala imangosamutsa nkhani zake. Zikakanikanso, bwererani ku pepala. Lipoti la Robert Gersony la 1988, amene anacheza ndi othawa nkhondo kuphatikizapo amene anali kuno ku Malawi, linasindikizidwa. Buku la Joseph Hanlon, Beggar Your Neighbours, la 1986, ndi la Alex Vines lonena za RENAMO la 1991, alipo. Ku National Archives ku Zomba kumasungidwa nyuzipepala zakale. Ndipo mukapeza tsamba labwino lidakali moyo, lisungeni lero lomwe: pa Wayback pali polemba kuti "Save Page Now". Paja akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Ndikudziwa zimene ena mukunena. Bandulo yakwera mtengo, netiweki kuno imagwira ukakwera pachulu, silabasi ya MSCE ikutithamangitsa, ndiye tizitaya nthawi ndi malinki? Zoona, mavutowa alipo, inenso ndimakhala nawo. Koma sindikunena kuti tikonze intaneti yonse. Ndikunena mfundo ziwiri zitatu zimene tikuphunzitsa teremu ino. Ndi ntchito ya mphindi khumi, ndipo mmodzi akapeza, atha kugawira anzake onse a mu kilasita pa WhatsApp. Amene muli kutauni ndi ku makoleji, ana athu akale, muli ndi intaneti yabwino kuposa ife. Apa ndi pamene mungatibwezere choko chathu chija.

Ena amati nkhani za RENAMO zinapita, tizisiye zigone, tingakhumudwitse anansi. Ine sindikuvomereza. A ku Mozambique ndi abale athu enieni; Achewa ndi Angoni a ku Angonia ndi Macanga amayankhula chiyankhulo chathu chomwechi. Ubale womangidwa pa kuiwala sulimba. Komanso amene anaona zinthuzi ndi maso, asilikali a ku Nacala ndi mafumu amene anapereka malo kwa othawa nkhondo, akukalamba. Iwo akamapita ndipo malinki akamafa, titsala ndi chiyani?

Chenjezo limodzi lokha. Kuukitsa linki sikutanthauza kuti zimene zili m'menemo ndi zoona. Nkhani ya AIM inali mawu a boma la Maputo, ya Daily Times nthawi imeneyo inali mawu a boma la MCP, ya Pik Botha inali mawu a Pretoria. Phindu la gwero ndi lakuti mwana aone yekha kuti ananena ndani, liti, ndipo ankafuna chiyani. Luso limeneli ndilo History yeniyeni, osati kuloweza zaka.

Choncho pempho langa ndi ili. Polemba manotsi, musamangoika linki yokha. Lembani dzina la wolemba, mutu, nyuzipepala kapena buku, ndi tsiku, kuti linki ikafa wina adzathe kulondola. Ndipo sabata ino sankhani linki imodzi yakufa m'manotsi anu a nkhondo ya ku Mozambique, muifunefune. Mukaipeza tiuzeni, tigawane.