THUKUTA LA WOKUMBA DZIWE LISAPITE PACHABE

Dziwe la nsomba likadzaza madzi limaoneka ngati linangodzibadwira lokha. Alendo amafika pa galimoto, naima pa chipupa chomera kapinga, nayamikira makumba amene akutumphira madeya, kenaka n'kulemba m'mabuku awo kuti chitukuko chafika m'mudzimo. Koma ndi ochepa mwa iwo amene amafunsa kuti dothi limene linali pamalo pamenepo linachoka bwanji, analisenza ndani, ndipo anatha masiku angati akulisenza. Lero tifuna kulankhula za masiku amenewo, pamene dziwe likadali dzenje louma ndipo mwini wake ali m'kati mwake ndi khasu.

Tiyambe ndi masamu amene mwana wa Sitandade 7 angathe kuwerengera pa bolodi. Dziwe la banja limodzi kawirikawiri limakhala la mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi. Tikati dothi lokumbidwa likhale lakuya masentimita 75 ponseponse, ndiye kuti m'dzenjemo mutuluka ndowa za malita 20 zokwana 7,500. Kulemera kwa dothi lotere kumaposa matani 200, ndiko kunena kuti kumafanana ndi matumba a chimanga a makilogalamu 50 opitirira 4,000. Mwamuna wamphamvu atamakumba ndi kututa ndowa 75 pa tsiku, ntchitoyi ingamtengere masiku 100. Anthu khumi ogwirizana angaithe m'masiku khumi, ngati palibe wodwala, ngati m'mudzi simunagwe maliro, ndiponso ngati piki sinakumane ndi thanthwe.

Masamuwo sanena zonse. Tsiku loyamba ntchito imakoma, pakuti dothi la pamwamba ndi lofewa ndipo nyimbo zimamveka kutali. Tsiku lachitatu khasu limafika pa dongo, limene limakakamira ku fosholo ngati phula, kotero kuti munthu amayamba wapala chitsulocho asanaponye dothi. M'manja mumatuluka matuza, naphulika, ndipo mpini umayamba kuwawa kuugwira. Dzenje likamka likuya, dothi liyenera kuponyedwa m'mwamba kapena kukwera nalo pamutu pa malo oterera. Amayi osenza ndowa pa nkhata amayenda ulendo womwewo kambirimbiri kufikira khosi litauma, ndipo akaweruka kumeneko mtondo ndi mtsuko zimakhala zikuwadikira kunyumba. Usiku msana umakana mphasa. Amene sanagwirepo piki kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka asafulumire kutchula munthu wotere kuti ndi waulesi pamene wapumula pa mthunzi.

Mfundo yathu tsono ndi iyi: mphamvu za munthu wa kumudzi si zaulere. Ndicho chuma chachikulu chimene ali nacho, ndipo chili ndi malire monga momwe ndalama za m'thumba la boma zilili ndi malire. Mkulu wa ofesi amene waononga ndalama za boma amafunsidwa ndi owerengera chuma. Koma mlangizi, mfumu kapena mphunzitsi wamkulu amene wakumbitsa anthu dziwe pamalo posasunga madzi safunsidwa ndi munthu aliyense, chonsecho waononga masabata a anthu amene akadamanga nkhokwe, kuumba njerwa kapena kulima dimba. Tikuti thukuta nalonso liziwerengedwa ntchito isanayambe.

Asatimve molakwa wina, kuyesa kuti tikuletsa anthu kukumba maiwe. Ulimi wa nsomba si wachilendo m'dziko muno, pakuti malo oyeserapo ulimiwu ku Domasi, m'boma la Zomba, anatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo kuyambira nthawi imeneyo alimi a m'mphepete mwa mapiri a Zomba ndi Mulanje aweta makumba, chilunguni ndi mlamba pafupi ndi makomo awo. Nyanja zathu zatisonyeza kale kuti sizingatidyetse mpaka muyaya popanda kuzithandiza. Nyanja ya Chilwa inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anakhalanso pa matope. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinachepa kwambiri kumayambiriro a zaka za m'ma 1990. Pa chilala cha 1992, ofufuza a bungwe la ICLARM, limene lero likutchedwa WorldFish, anaona kuti mabanja a ku Zomba amene anali ndi maiwe anapirira bwino kuposa anzawo, chifukwa madzi otsala ndi chinyontho cha m'dziwe zinawalola kulima ndiwo zamasamba pamene minda ina inali fumbi lokhalokha. Dziwe lokumbidwa bwino ndi nkhokwe yachiwiri ya banja.

Komabe aliyense woyenda m'midzi waonapo maenje aakulu omera bango ndi udzu, mopanda madzi ndi nsomba yomwe. Dzenje lililonse lotere ndi manda a masiku a anthu. Kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chimodzi mwa zitatu. Ena anakumba pa mchenga, ndipo madzi analowa pansi sabata isanathe. Ena anadalira kamtsinje kamene kamaphwa m'mwezi wa Seputembala. Enanso anakumba chifukwa anamva kuti okumba adzalandira ufa, mawilibala kapena ndalama, ndipo zolandirazo zitatha, dziwe linasowa mwini. M'zonsezi wolakwa weniweni sakhala wogwira khasu, koma uja amene anafuna kuti lipoti lake la pa mwezi likhale ndi chiwerengero chachikulu cha maiwe.

Udindo woyamba wa mlangizi ndiwo kuyesa malo khasu lisanagwe pansi, ndipo kuyesako sikufuna ndalama. Afunse nkhalamba za m'mudzimo ngati kasupeyo kapena mtsinjewo unaphwapo pa zaka za chilala, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Atape dothi la pansi, alinyowetse, aumbe kampira, akaponye m'mwamba ndi kukawakha: kakanyenyeka, dothilo ndi lamchenga ndipo silidzasunga madzi. Akumbitse kadzenje kofika m'chiuno, akadzaze madzi, ndipo abwereko m'mawa mwake kudzaona ngati madziwo akadalimo. Aonenso kuti malowo ndi otsetsereka pang'ono, kuti madzi azilowa ndi ngalande natuluka okha pa nthawi yokolola. Ntchito ya masiku awiri imeneyi ingapulumutse ndowa 7,500 zija. Safunsa anadya phula, koma pa nkhani ya dziwe phulalo amadya ndi anthu ena, osati wosafunsayo.

Udindo wachiwiri ndiwo kusankha nyengo. Nthawi yabwino yokumba ndi pamene anthu atha kukolola, kuyambira mu Meyi kufikira mu Ogasiti. Pamenepo nthaka ikadali ndi chinyezi, kunja n'kozizira, ndipo m'nkhokwe muli chakudya choti wokumba adye n'kukhuta. Kuitanitsa ntchitoyi mu Okutobala, pamene nthaka yauma gwa ndipo dzuwa likuswa mtengo, ndiko kulanga anthu osalakwa. Kuiitanitsa mu Januwale, pamene udzu ukupikisana ndi chimanga m'munda ndipo mabanja ambiri akudya kamodzi pa tsiku, ndiko kulanda banja zokolola za chaka chonse. Chaka cha ndalama za ofesi chili ndi miyezi yake, koma mimba ya mlimi ndi nthaka yake sizitsata kalendala imeneyo.

Udindo wachitatu ndiwo kuphunzitsa kakumbidwe koyenera, kuti dothi lisasenzedwe kawiri. Malire a dziwe ayambe aikidwa ndi zikhomo ndi chingwe. Dothi lakuda la pamwamba, pamodzi ndi udzu ndi mizu, liunjikidwe pambali, chifukwa likalowa m'chipupa mizuyo imaola n'kusiya njira za madzi. Dongo lotuluka pansi ndilo limangire chipupa, ndipo lisamangokhuthulidwa mulu umodzi. Liyalidwe pang'onopang'ono, muyalo uliwonse usapitirire masentimita 20, liwazidwe madzi ndi kusinjidwa ndi chipika kufikira litalimba, kenaka n'kuyalanso lina pamwamba. Kusinja kumeneku ndiko kumatopetsa koposa, ndipo ndi kumene anthu otopa amafuna kulumpha, koma chipupa chosasinjidwa chimagumuka ndi mvula yoyamba. M'mbali mwa dziwe mukhale mopendekeka, osati moongoka ngati chitsime. Mbali yolowera madzi ikhale yosaya, ndipo yotulukira ikhale yakuya mita imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Potsiriza dothi lakuda lija libwezedwe pamwamba pa chipupa ndi kubzalapo kapinga woti agwire nthaka.

Tikudziwa kuti ena adzati: bwanji osangobweretsa makina okumbira, amene angathe ntchito yonseyi tsiku limodzi? Funsoli ndi lomveka, ndipo pa maiwe aakulu a malonda makina ndiwo oyenera. Koma makina safika m'madimba ambiri a m'tsinde mwa mapiri, kumene kulibe msewu ndipo nthaka ndi yalowe. Mtengo wa mafuta ndi wobwerekera makinawo ungapose phindu la nsomba za zaka zingapo za dziwe laling'ono. Chinanso n'chakuti munthu amene anasinja chipupa ndi manja ake amadziwa pamene pali pofooka, ndipo nkhanu ikaboola sadikira kalata yochokera ku boma kuti atseke. Khasu silichititsa manyazi. Chochititsa manyazi ndicho kulikumbitsa pachabe.

Pamene anthu akumba pagulu, nkhani ya mwini wa nsomba ikambidwe poyera ntchito isanayambe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo makolo athu ankalimirana minda mosinthana, lero kwa uyu, mawa kwa uyo. Njira imeneyi ndi yabwino pa maiwe: mabanja khumi akumbe dziwe la banja limodzi, kenaka asamukire kwa lina, kufikira onse atakhala ndi lawo. Koma pamene mudzi wonse wasenza dothi, ndipo pa tsiku lokolola nsomba zazikulu zalowera ku nyumba ya mfumu kapena ya wapampando wa komiti, anthu amakumbukira thangata, ntchito yokakamiza imene agogo athu ankagwira m'maesiteti a atsamunda. Anthu onyengedwa kamodzi motero sadzatulukanso ngakhale ataitanidwa kukaumba njerwa za chipatala. Mafumu ndi akuluakulu a maboma asamale kuti dzina labwino la ntchito zodzithandiza lisadetsedwe ndi dyera la anthu owerengeka.

Kwa aphunzitsi tili ndi mawu apadera. Dziwe la pasukulu ndi buku labwino kwambiri. Pa ilo ana angaphunzire kuyeza, kuwerengera kukula kwa malo, kusiyanitsa mitundu ya dothi, ndi kuona momwe manyowa a nkhuku amabiriwitsira madzi kuti nsomba zipeze chakudya. Koma mwana wa zaka zisanu ndi zitatu si waganyu. Ntchito ya piki ndi yosinja ikhale ya makolo ndi komiti ya sukulu, ndipo ana a makalasi apamwamba athandize zopepuka, pa nthawi ya phunziro la zaulimi, osati m'malo mwa masamu ndi Chichewa. Makamaka tikupempha kuti kukumba kusakhale chilango cha wochedwa kapena wolongolola m'kalasi. Mwana amene waphunzira kuti khasu ndi chibalo adzalithawa moyo wake wonse, ndipo dziko limene limadalira nthaka silingapindule ndi ophunzira otere. Dziwe likatha, litchingidwe ndi mpanda kuti tiana tisagweremo, udzu wa m'mbali uzitchetchedwa kuti nkhono zofalitsa likodzo zisaswane, ndipo ana aletsedwe kusambamo.

Potsiriza, amene analimbikitsa anthu kukumba asawasiye pamene madzi alowa. Mbewu ya nsomba ifike pa nthawi imene inalonjezedwa, chifukwa dziwe lokhala miyezi lopanda nsomba limangoweta achule ndi udzudzu, ndipo mwini wake amasanduka choseketsa cha mudzi. Mlangizi abwerenso kudzaona ngati madeya akuperekedwa, ngati katumbu ndi ng'azi sizikuba, ndiponso adzakhalepo pa kukolola koyamba, patatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Lipoti lake lisamangonena maiwe amene akumbidwa chaka chino, koma linenenso kuti mwa maiwe a chaka chatha ndi angati akadali ndi nsomba.

Anthu a m'midzi yathu sanakanepo ntchito yolemetsa pamene aona phindu lake. Anamanga masukulu ndi njerwa zoumba okha, analambula misewu ndi makasu awo, ndipo adzakumba maiwe ngati tiwauza zoona. Chimene tikupempha kwa onse okhala ndi udindo n'chakuti, asananene kuti "kumbani apa", ayambe atsikira m'dzenje loyesera, agwire dongolo ndi manja awo, ndipo adzifunse ngati iwo eni akadalola kusenza ndowa 7,500 pamalo pamenepo.